Lipoti la chambo lapeza malikisi ochepa: vuto lili pati?

Wophunzira wina wa chaka chachitatu ku yunivesite, kwawo konkuno ku Mangochi, watumiza imelo yodandaula. Akuti pa kosi ya biology ya nsomba anauzidwa kuti ayeze kutalika ndi kulemera kwa chambo. Anagula nsomba 40 kwa msodzi mmodzi padoko, n'kulemba masamba 12, koma anapeza malikisi 48 pa 100. M'mbali mwa pepala aphunzitsi anangofunsa zinthu ziwiri: ndi chambo cha mtundu wanji, ndipo nsombazo zinasankhidwa bwanji? Iye akufunsa ngati aphunzitsiwo angomuumira mtima.

Achemwali, sanakuumireni mtima ayi. Chaka choyamba munthu amakhoza poloweza, koma pofika chaka chachitatu wochonga amafuna aone ngati wina angatsatire njira yanu n'kupeza zofanana. Malikisi ambiri amathawira pamenepo, masamba kaya achuluke chotani.

Dzina loti chambo ndi lapamsika. M'nyanja yathu dzinali limaphatikiza Oreochromis karongae, Oreochromis squamipinnis ndi Oreochromis lidole, ndipo pamulu womwewo pamatha kulowa makumba, amene ndi Oreochromis shiranus. Makumba ndi osavuta kuwapatula: werengani minga yolimba ya chipsepse cha kunsi, kuseri kwa mimba. Makumba kawirikawiri amakhala ndi inayi, chambo itatu. Mitundu itatu ya chambo ndiye imavuta kusiyanitsa, makamaka ikadali yaing'ono. Zikakukanikani lembani Oreochromis spp., kutanthauza mitundu ya Oreochromis yosatchulidwa payokhapayokha, ndipo munene chifukwa chake. Wochonga amalemekeza zimenezo kuposa dzina longopeka. Mayinawa alembedwe mopendekeka, loyamba ndi chilembo chachikulu, lachiwiri ndi chaching'ono.

Nkhani yaikulu ndi ya msodzi mmodzi uja. Nsomba 40 za mu ukonde umodzi, tsiku limodzi, sizingayimire chambo cha m'nyanja yonse. Matchera amasankha okha: yaing'ono imapyola pa diso la ukonde, yaikulu kwambiri siikodwa bwino, choncho mumatsala ndi nsomba za msinkhu wofanana. Onjezerani apo kuti ogula a m'mamawa amakhala atatenga kale zonona. Bola nsomba 10 pa doko lililonse mwa madoko anayi, masiku osiyana, mutalemba kukula kwa diso la ukonde, tsiku ndi malo. Ngati ndalama zinangokwanira doko limodzi, palibe mlandu, koma zinenedwe poyera mu discussion, gawo la lipoti lokambirana zimene mwapeza, ndipo mawu anu omaliza asapitirire doko limenelo.

Poyeza, sankhani chimodzi: total length yofika kunsonga ya mchira, kapena standard length yothera pamene mchira wayambira. Mukasakaniza ziwirizi, graph imamwazika. Yezani nsomba zikadali zaziwisi, mutazipukuta madzi, chifukwa zikasungidwa m'mankhwala oteteza kuola monga mu formalin wa 10 peresenti kapena mu ethanol wa 70 peresenti zimafota ndipo kulemera kumasintha. Pa condition factor, muyeso wa kunenepa kwa nsomba, K = 100W/L³, W (kulemera) akhale m'magalamu ndipo L (kutalika) m'masentimita. Mukaika mamilimita, yankho limachepa ka 1,000, ndipo ambiri amalikopera osadabwa n'komwe. Pa W = aL^b, masamu osonyeza mgwirizano wa kulemera ndi kutalika, jambulani log W ndi log L kuti mzere uwongoke; b akakhala pafupi ndi 3 ndiye kuti nsomba ikukula osasintha maonekedwe a thupi. Akatuluka 1.8, musathamangire kunena kuti m'nyanja muli njala. Yambani mwakayikira sikelo ndi kuchepa kwa misinkhu imene munayeza.

Tsono tengani lipotilo mupite kwa aphunzitsi pa nthawi imene amaonana ndi ophunzira. Musayambe ndi kupempha malikisi. Pemphani marking scheme, muone gawo lililonse linali ndi malikisi angati, kenako mufunse kuti pa methods, gawo lofotokoza njira imene munatsata, akanafuna kuona chiyani. Mukapeza kuti anaphonya powonkhetsa kapena analumpha tsamba, asonyezeni mwaulemu, ndipo zikapanda kukonzedwa tsatirani njira yopemphera kuchonganso imene ili m'malamulo a mayeso a pasukulu panu, masiku ake asanathe.