Tifunseni: Kodi Njoka Yoweta Tingaiyeze Bwanji?

FUNSO: Akonzi, ine ndimakhala ku Ulongué, m'boma la Angónia ku Mozambique, ndipo ndimaweta nsato yaing'ono ya mtundu wa ball python. Chiyambireni kuzizira kwa mwezi wa June, njokayi ikukana mbewa, ndipo ndili ndi nkhawa kuti mwina ikuwonda. Mnzanga wina akuti tiigwire kumutu ndi kumchira n'kuiwongola pa tepi ya telala, pomwe wina akuti ndingoyeza khungu limene yafundula. Kodi ndimvere uti?
Woweta wa ku Ulongué

YANKHO: Bambo, pa anzanu awiriwo musamvere aliyense. Msana wa njoka uli ndi timafupa toposa 200 tolumikizana, ndipo mukaikoka imalimbitsa thupi podziteteza, kotero kuti mungathe kuivulaza mkati popanda bala looneka kunja. Khungu lofundula nalonso limanama, chifukwa pamene njoka ikulivula limatamuka ndipo makwinya a pakati pa mamba amatambasuka. Njoka ya masentimita 100 ikhoza kusiya khungu lofika 115 kapena 120.

Ngati mukufuna kudziwa utali, isiyeni njokayo ikwawe yokha m'mbali mwa khoma, wina aziyendetsa chingwe chofewa pamwamba pa msana kuyambira pamphuno mpaka kunsonga ya mchira, motsatira mokhota monse, kenaka muyeze chingwecho pa tepi. Nsato za mtundu wanuwu, zomwe kwawo ndi kumadzulo ndi pakati pa Africa, zikakula nthawi zambiri zimakhala pakati pa mita imodzi ndi mita imodzi ndi theka.

Koma nkhawa yanu siingathe ndi tepi, popeza njoka ikamawonda siifupika. Chofunika kwambiri ndi sikelo. Sikelo yokoloweka imene amayezera mbatatesi pamsika siingakuthandizeni, chifukwa siionetsa kusiyana kwa magalamu 30 kapena 50. Pezani ya digito ya kukhitchini. Ikani beseni lapulasitiki pasikelopo pamodzi ndi kathumba kansalu, dinani batani lolembedwa tare kuti manambala abwerere pa 0, ndiyeno lowetsani njokayo m'kathumbako, mumange kukamwa, muike m'besenimo. Mumdima wa m'kathumba imadzipinda n'kukhala phee, ndipo manambala amasiya kuvinavina. Muziyeza kamodzi pa mwezi, makamaka ikangochita chimbudzi, osati pasanathe masiku awiri itadya, kuwopa kuti ingasanze, komanso osati pamene maso ake achita mbuu pokonzekera kufundula. Lembani tsiku ndi magalamu m'kope, pakuti nambala imodzi yokha siinena kanthu, koma mndandanda wa miyezi ingapo ndi umene umaonetsa kumene thanzi likulowera.

Kukana chakudya m'nyengo yozizira n'chizolowezi cha nsato zimenezi, ndipo yaikulu yathanzi imatha miyezi ingapo osadya koma kulemera kwake osatsika kwenikweni. Ku Angónia kumazizira kwambiri kuposa mumzinda wa Tete, kumene mu October kutentha kumapitirira madigiri 40, choncho onetsetsani kuti mbali imodzi ya khola lake ikufunda kufika madigiri 31 kapena 32, chifukwa njoka yozizidwa siigaya bwino chakudya. Ikayambanso kudya, muipatse mbewa kapena khoswe wosaposa kunenepa kwa pakati pa thupi lake.

Ine ndimaona kuti malire abwino a kutsika kwa kulemera kwake ndi gawo limodzi mwa magawo 10. Njoka imene inkalemera magalamu 1,500 ikatsika kufika pa 1,350, kapena fupa la msana likayamba kutuluka ngati mtanda wa denga pamene khungu la m'mbali likukwinyika, pitani nayo kwa dokotala wa ziweto, ndipo mutenge kope lija kuti aone pamene kutsikako kunayambira. Mukamaliza kuyeza sambani m'manja ndi sopo, ndipo beseni limenelo lisabwererenso kukhitchini, chifukwa njoka zimanyamula tizilombo ta salmonella totsekula m'mimba.