Yankho kwa Mayi a ku Katete Amene Akuti Sanamvepo Mawu a Mulungu

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi ena a ku Katete, amene anapempha kuti dzina lawo ndisalitchule. Analemba motere: "Ndakhala Mkhristu zaka 14, ndipo ndili mu Chigwirizano cha amayi, koma sindinamvepo Mulungu akulankhula nane. Anzanga akakachezera kuphiri m'mapemphero amabwerako akunena kuti Ambuye awauza zakutizakuti, pamene ine ndimabwerako ndi tulo tokha. Kodi pali tchimo limene linanditseka makutu, kapena Mulungu amasankha anthu olankhula nawo?"

Mayi, kalata yanu ndaiwerenga katatu, ndipo mtima wanga waima pa mafunso awiri omalizawo, chifukwa akuonetsa kuti mlandu munaugamula kale: mwina Mulungu anakukwiyirani, mwina ali ndi tsankho. Munthu amene wakhazikitsa maganizo otere mumtima mwake, ngakhale ataitanidwa ndi dzina lake lenileni, amamva china chake.

Ine ndinaleredwa ndi atsibweni anga kufupi ndi Chadiza, munthu waukali amene sankaitana mwana popanda mlandu. Tsiku lina anafika kuchokera ku Chipata nandiitana kawiri, ndipo ine ndinakabisala kuseri kwa nkhokwe mpaka dzuwa kulowa, ndikuwerenga zolakwa zanga zonse za sabata imeneyo. Pamene ndinatuluka ndinapeza kuti anandigulira nsapato za kusukulu. Makutu anga anali abwino ndithu, ndipo dzina langa ndinalimva bwino lomwe, koma zimene ndinkakhulupirira za mwini mawuwo ndi zimene zinandithamangitsa. Ambiri a ife tinatenga nkhope ya munthu amene anatilera ndi kumuveka Mulungu. Pa Mateyu 25:24-25 kapolo amene anakwirira ndalama ya mbuye wake akuulula yekha chifukwa chake: ankamudziwa mbuyeyo ngati munthu wouma mtima, ndiye anachita mantha.

Za tchimo sindikunyengani. Yesaya 59:2 akunenadi kuti zoipa zimalekanitsa munthu ndi Mulungu, choncho ngati pali tchimo limene mukulidziwa, liululeni monga 1 Yohane 1:9 akutiuzira. Koma kumbukirani kuti Adamu anamva Mulungu akumuitana atachimwa kale, ndipo Kaini analankhulidwa atapha mbale wake. Musayambe kusakasaka temberero lobisika, ndipo, chonde, musapereke ndalama kwa aliyense wolonjeza kukutsegulani makutu.

Chikhulupiriro chachiwiri chimene ndikuchiona m'kalata yanu n'chakuti Mulungu akalankhula payenera kugwedezeka malo. Samueli ali mwana anaitanidwa usiku, ndipo katatu konse anathamangira kwa Eli, chifukwa mawuwo anamveka ngati a nkhalamba imene ankakhala nayo tsiku ndi tsiku. Mawu anali kumufika, koma sankadziwa mwini wake, monga 1 Samueli 3:7 akufotokozera kuti anali asanamudziwe Yehova. Eliya pa phiri la Horebu anaona mphepo yong'amba miyala, chivomezi ndi moto, koma Yehova sanali m'menemo. Pambuyo pake kunadza mawu a kayaziyazi. Ndime imene imandiopsa kwambiri ndi Yohane 12:28-29, pamene mawu anatsika kumwamba Yesu ali pakati pa khamu, ena nanena kuti kwagunda bingu, ena nati mngelo walankhula naye. Anthu anaima pabwalo limodzi, phokoso linali limodzi, koma aliyense analitcha dzina limene mtima wake unali nalo kale.

N'chifukwa chake ndikukayika ngati n'zoona kuti m'zaka 14 simunamvepo kanthu. Kodi sipanakhale tsiku limene ndime ya pa ulaliki inakutsatirani mpaka kumunda, osakusiyani? Kodi simunadzukepo ndi mtima wosakhazikika mpaka mutakapepesa mnansi wanu, kapena kukaona wodwala amene simunakonzekere kumuona? Mwina zonsezi munazitcha maganizo chabe, monga aja anati ndi bingu.

Nthawi zina timamva bwino, koma mwambo umatikaniza. Petro ku Yopa anaona masomphenya katatu, ndipo anayankha Ambuye kuti iyayi, chifukwa chiphunzitso chimene anakula nacho chinkamuletsa zakudya zimenezo. Sanazindikire tanthauzo lake mpaka amithenga a Korneliyo atafika pakhomo.

Anzanuwo sindikuwaweruza, pakuti sindinakhale nawo kuphiriko. Komabe mtima umene ungatseke mawu a Mulungu ungathenso kupeka mawu ndi kuwatcha ake, makamaka pa nkhani za ukwati, ndalama ndi adani, pamene munthu amafunitsitsa kumva zimene wakonza kale. Yeremiya 17:9 akuti mtima ndi wonyenga koposa, ndipo 1 Yohane 4:1 akutilamula kuyesa mizimu. Muyeso wake tili nawo m'chinenero chathu. Amishonale a Dutch Reformed atakhazikika ku Magwero, kufupi ndi Chipata, mu 1899 anatsegula masukulu kuti anthu adziwerengere okha, ndipo Buku Lopatulika lonse linamalizidwa m'Chinyanja mu 1922. Mawu alionse otsutsana ndi zolembedwazo, kapena ndi khalidwe la Yesu, akaneni ngakhale atabwera ndi misozi ndi kunjenjemera.

Pempho langa ndi ili, mayi. Sabata ino werengani 1 Samueli 3 pang'onopang'ono, ndipo mukafika pamene Yehova akuitana, ikanipo dzina lanu, kenaka lembani papepala ganizo loyamba limene labwera, kaya ndi mantha, kaya manyazi, kaya chimwemwe. Pepalalo mupite nalo kwa mayi wachikulire wa mu Chigwirizano amene mumamukhulupirira, pakuti ngakhale Samueli anafunika Eli, ndipo mutu umodzi susenza denga. Mukatero mundilemberenso, mundiuze zimene munalemba pa pepalalo ndi zimene mayiwo anakuyankhani.