Kodi kompyuta imamva Chingerezi?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa aphunzitsi ena a ku sekondale amene ayamba kuphunzitsa ana Python, chinenero cholembera mapulogalamu a kompyuta. Akuti mtsikana wina anakweza dzanja n'kufunsa kuti, popeza polemba pulogalamu timalemba mawu ngati print, if ndi while, ndiye kuti kompyuta imamva Chingerezi? Nanga Chichewa ingamve? Aphunzitsiwo akuti anasowa choyankha.

Aphunzitsi, mwana ameneyo mumulimbikitse, wafunsa funso lenileni. Kompyuta siimva Chingerezi kapena Chichewa. Pansi penipeni, chimene chilimo ndi magetsi basi: akudutsa kapena sakudutsa.

Tiyambire pomwepo. Mkati mwa purosesa, kachipangizo kamene kamachita malamulo onse a kompyuta, muli timaswichi tating'ono kwambiri totchedwa ma transistor. Kusiyana kwake ndi swichi ya pakhoma n'kwakuti timeneti satidina ndi chala, timayatsidwa ndi kuzimitsidwa ndi magetsi omwewo, choncho kaswichi kamodzi kangathe kulamula kanzake. Transistor yoyamba inapangidwa ku Bell Labs ku America mu 1947. Purosesa ya Intel 4004 ya mu 1971 inali ndi ma transistor pafupifupi 2,300, pomwe ya m'foni zamakono ili ndi mabiliyoni. Kaswichi koyaka timati 1, kozima timati 0.

Mukafuna ana amvetse msanga, tengani batire, babu ndi maswichi awiri. Mukalumikiza maswichiwo motsatizana pa waya mmodzi, babu liyaka pokhapokha onse awiri atayatsidwa. Imeneyo ndiyo AND. Mukapatsa swichi iliyonse njira yakeyake, imodzi yokha ikwanira kuyatsa babu, imeneyo ndi OR. Palinso NOT, imene imatembenuza 1 kukhala 0 ndi 0 kukhala 1. Zitatuzi mukazilumikiza mwaluso zimawonkhetsa manambala. Popeza manambala alipo awiri okha, 0 ndi 1, 1 kuphatikiza 1 timalemba 0 n'kusunga 1, monga timachitira ku pulayimale tikadutsa 9, ndipo yankho limatuluka 10, kutanthauza 2. Ine mpaka lero zimandigwira mtima kuti waya wopanda nzeru, ukangolumikizidwa moyenera, umapeza samu molondola nthawi zonse.

Nanga zilembo? Anthu anangogwirizana kuti chilembo chilichonse chikhale ndi nambala yake. Pa mgwirizano wotchedwa ASCII, A wamkulu ndi 65, ndipo m'maswichi asanu ndi atatu amaoneka chonchi: 01000001. Maswichi asanu ndi atatuwa ndiwo baiti imodzi. Apa mpamene nkhani ya chinenero imatikhudza ife. ASCII inali ndi malo 128 okha, okwanira Chingerezi, ndipo ŵ wathu wa mu Malaŵi munalibe. Anapeza malo mu Unicode, mndandanda waukulu wa zilembo za zinenero zambiri, mmene nambala yake ndi 373. Kusowa kwakeko sikunali vuto la makina, kunachokera kwa anthu amene anakonza mndandandawo.

Malamulo nawonso ndi manambala. Purosesa imatenga lamulo mu RAM, momwe kompyuta imasunga zimene ikugwiritsa ntchito panthawiyo, n'kulichita, n'kutenganso lotsatira, ndipo ya 2 GHz wotchi yake imagunda maulendo 2 biliyoni pa sekondi imodzi. Malamulowo ndi aang'ono zedi: tenga nambala iyi, phatikiza ndi iyo, sunga apa, ngati yankho ndi 0 dumphira uko. RAM imaiwala zonse magetsi akazima, n'chifukwa chake ntchito yosasevedwa imatayika.

Kulemba pulogalamu ndi manambala okhaokha kunali kotopetsa ndiponso kosavuta kulakwitsa. Anthu anayamba kupatsa malamulowo timayina monga ADD ndi MOV, imeneyo ndiyo assembly. Kenako anapanga pulogalamu yomasulira, compiler, kuti munthu azilemba mzere umodzi womveka, iyo n'kuusandutsa malamulo ambirimbiri a purosesa. Chinenero cholembera mapulogalamu cha Fortran chinatuluka ku kampani ya IBM mu 1957 motsogoleredwa ndi John Backus, ndipo Dennis Ritchie anapanga china chotchedwa C ku Bell Labs cha m'ma 1972. Python anaitulutsa Guido van Rossum wa ku Netherlands mu 1991. Ana anu akalemba print, amene amawerenga mawuwo si purosesa ayi, ndi pulogalamu ina, yolembedwa mu C, imene nayonso inamasuliridwa kale kukhala manambala. Zili ngati mlaliki wachilendo amene ali ndi omasulira awiri kapena atatu motsatizana, uthenga usanafike kwa agogo akhala kumbuyo.

Ndiye Chichewa n'chotheka ndithu. Womasulirayo amangoyerekeza zilembo ndi mndandanda umene anapatsidwa. Wina atalemba womasulira wodziwa mawu akuti lemba m'malo mwa print ndi ngati m'malo mwa if, purosesa singazindikire kuti pasintha kanthu. Komabe ine sindingakulangizeni kudikira zimenezo. Mawu amene Python inadzisungira, monga if ndi while, ndi 35 okha, ana amawaloweza msanga. Chimene chimawavuta ndi kuphwanya vuto m'timasitepe, ndipo zimenezo mungazifotokoze m'Chichewa lero lomwe. Ngakhale mayina a m'pulogalamu angakhale athu: mtengo, chiwerengero, malikisi. Python iwalandira.

Mukalowanso m'kalasi, muuzeni mtsikanayo alembe ord("A") mu Python, lamulo loonetsa nambala ya chilembo, aone 65, kenako bin(65) aone ma 1 ndi ma 0 ake. Akatero ayese ord("ŵ").