Bambo akuti sukulu yeniyeni imayambira Fomu 4

Azakhali,

Ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala kufupi ndi Tsangano m'boma la Ntcheu. Ine ndi bambo a kunyumba timalima mbatatesi ndi kabichi, ndipo m'menemo ndi momwe timapezera zonse za pakhomo. Mwana wathu wachisamba ndi wamkazi, ali Fomu 2 pasukulu yoyendera. Chiyambire ku pulayimale amanena kuti adzakhala dokotala, ndipo aphunzitsi ake amati mutu wake umagwira.

Vuto ndi bambo ake. Likafika tsiku la msika amamutenga kukagulitsa ku Lizulu, ati iyeyo ndiye amatha kuwerengera ndalama ndipo mavenda samupusitsa. Nthawi yokumba mbatatesi amajomba masiku otsatizana. Ndikalankhula amandiyankha kuti, "NaNgozo, Fomu 2 ndi sukulu ngati? Sukulu yeniyeni ndi Fomu 4. Akadzafika kumeneko ndidzamusiya, ndidzamupezera ndi aphunzitsi apadera omwe."

Teremu yathayi lipoti lake linabwera masamu atatsika kwambiri. Mtima unandipweteka, ndipo ndinakatenga ngongole ku banki m'khonde osawauza, n'kumugulira nyale ya sola ndi mabuku awiri. Nkhaniyi bambowo anakaimvera ku bawo. Lero sakundilankhula, nsima akudya atayang'ana kumbali, ndipo akuti ngati ndinabisa ngongole ndiye kuti pali zambiri zomwe ndikubisa. Akufuna kuitana ankhoswe. Apongozi nawo akuti mwana wamkazi kumuphunzitsa mpaka ku yunivesite n'kulemeretsa eni ake. Kodi ndinalakwa? Ndiitane malume ake a mwanayu adzalankhule nawo?

Mayi wodandaula, Ntcheu

Mayi,

M'kalata yanu muli nkhani ziwiri zomwe zapiringizana. Pa ya sukulu mukulondola ndinu. Pa ya ngongole bambowo ali nacho chifukwa chokwiyira, ndipo bola tiyambe ndi imeneyo, chifukwa munthu amene wayang'ana kumbali simungamufotokozere za mapointi.

Chimene chawawawa si nyale kapena mabuku ayi. Taganizani bambo ali pa bawo, anzake ali pomwepo, wina n'kuponya mawu akuti, "Akazi anu ayamba liti kubweza ija?" iwo osadziwa kanthu. Manyazi amenewo ndi amene akudya nawo nsima. Apepeseni pa kubisako, mosazungulira, usiku ana atagona. Auzeni ndalama zomwe munatenga, chiwongoladzanja chake, ndi momwe mukuganizira kubwezera. Koma musapepese chifukwa chogula nyale. Kugulira mwana chowerengera si mlandu, ndipo mukapepesa zonse pamodzi bambowo adzamva ngati mwavomereza kuti maganizo awo pa sukulu ndi oona. Ngati akulimbikirabe za ankhoswe, musaope, aloleni abwere. Ankhoswe ntchito yawo n'kumanga banja, ndipo pamaso pawo mpamene mungathe kuyala nkhani ya kujombayi mwaulemu, mboni zilipo.

Tsono za sukuluzi. Bambo anuwo sakudana ndi maphunziro a mwana, ndaziona m'mawu awo omwe. Akulonjeza aphunzitsi apadera, kutanthauza kuti akufuna mwanayo adzakhoze. Angosokoneza nthawi yake, ndipo makolo ambiri amasokoneza chomwecho. Poti ndi mlimi, afunseni funso la kumunda: kodi alipo amene amasiya mbatatesi osapalira, osakwezera, osathira feteleza, n'kudzachita zonsezo sabata yokumba? M'mera mpoyamba. Bambowo akudziwa bwino zimenezi kuposa ine.

Muwafotokozere momwe njira yopitira ku yunivesite imayendera, chifukwa mwina palibe anawauzapo. Mayeso a MSCE, omwe bungwe la MANEB limalembetsa pakutha pa Fomu 4, phunziro lililonse amalipatsa nambala kuyambira 1 mpaka 9. 1 ndi 2 ndiko kukhoza kwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 n'kungodutsa, 9 n'kulephera. Amatenga maphunziro asanu ndi limodzi omwe mwana wachita bwino, Chingerezi chili momwemo, n'kuphatikiza manambalawo. Amenewo ndiye mapointi omwe mumamva anthu akutchula, ndipo akachepa mpamene zili bwino. Kuti mwana aganiziridwe n'komwe ku mayunivesite a boma, amafunika makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi. Koma kukwanitsa zimenezo n'kungololedwa kuima pamzere. Ofunsira malo kudzera ku bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba la NCHE amachuluka kuposa malo omwe alipo, ndipo maphunziro a udokotala ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS ndi amodzi mwa omwe anthu amalimbirana koopsa. Kumeneko amayang'anitsitsa masamu, Biology, Chemistry ndi Physics.

Mwamva masamu pamenepo? Ndi omwewo atsika pa lipoti la mwana wanu. Apa ndiye pondidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yonseyi. Maphunziro ena mwana akajomba amatha kukopera notsi za mnzake n'kuloweza. Masamu satero. Zomwe aphunzitsi aphunzitsa Lachitatu zimakhala pamwamba pa za Lachiwiri, za Fomu 3 pamwamba pa za Fomu 2. Mwana amene anali ku Lizulu tsiku lomwe anzake amayamba mutu watsopano amabwera m'kalasi mawa lake n'kupeza bolodi ladzaza zinthu zosazidziwa, amachita manyazi kufunsa, amakhala chete kumbuyo. Zikachitika kangapo amayamba kunena kuti "masamu ine ayi," pomwe vuto silinali mutu wake. Mphunzitsi wapadera wa Fomu 4 angathe kukumbutsa mwana zomwe anaphunzira, koma zaka zitatu zomwe zinadutsa mwana ali kumsika sangazilowetse m'miyezi yochepa, ngakhale mutamulipira matumba angati a mbatatesi.

Chinanso chomwe bambowo ayenera kudziwa n'chakuti Fomu 2 ili ndi mayeso akeake a boma. JCE inachotsedwa kwa zaka zingapo koma inabwereranso mu 2021, choncho mwana wanu akulemba chaka chomwe chino. Ndipo polowa Fomu 3 mpamene ana amasankha maphunziro oti apitirize nawo. Masukulu ambiri amayang'ana momwe mwana wakhala akukhozera pomulola kutenga sayansi. Mwana akasiya Physics kapena Chemistry pamenepo, khomo la udokotala latsekeka ali ndi zaka ziwiri kuti alembe MSCE, iye osadziwa, makolo osadziwa.

Pachifukwa chimenechi, pitani kusukuluko, ndipo musapite nokha. Apempheni bambowo kuti mukaonane ndi ahedi limodzi. Abambo ambiri zomwe akazi awo anena amaziyesa zolongolola, koma zomwezo akazimva kwa mphunzitsi, kaundula wa ojomba ali potsegula patebulo, amazitenga. Mukafunse ngati pasukulupo amaphunzitsa Physics ndi Chemistry mpaka Fomu 4, ngati aphunzitsi ake alipo, ndi momwe ana amachitira mayeso a mu labu, pakuti masukulu oyendera ena alibe zipangizo. Zikakhala kuti palibe, muli ndi nthawi yoganiza zomusamutsa asanayambe Fomu 3. Ndikuchenjezeni pomwepa: musathamangire kumupezera kanyumba ka lendi pa trading centre kuti azikhala yekha. Atsikana ambiri sukulu yawathera m'tinyumba timeneti, ndiwo zikatha, ndalama ya sopo kulibe, wa kabaza n'kuyamba kuthandiza. Ngati n'kusamuka, akakhale kwa m'bale wodalirika kapena pasukulu yogonera pompo.

Kumbali ya msika, musawauze bambowo kuti mwana asiyiretu kuthandiza. Banja la alimi limadya thukuta la aliyense, ndipo mukatero adzati mukulera mwana waulesi. Gwirizanani chinthu chomveka: masiku a sukulu ndi a sukulu, Loweruka ndi nthawi ya holide ndi za kumunda ndi kumsika. Tsiku la msika likagwera pakati pa sabata, pitani ndinu, kapena papezeke waganyu wa tsiku limodzi. Ndalama ya waganyuyo ndi yochepa poyerekeza ndi fizi yobwereza Fomu 4. Nanunso mudziyang'ane, mayi. Mwana wamkazi wachisamba ndi amene amatunga madzi, kuphika, kusambitsa ang'ono ake, n'kumakagwira buku maso atalemera kale. Nyale munagulayo ikhala yopanda phindu ngati akuyatsa atatopa. Agawireni ntchito ang'ono akewo, anyamata omwe, kuti madzulo alionse akhale ndi nthawi yake yowerenga yomwe palibe womutuma.

Za ndalama muyambe kukambirana lero, pakuti nkhawa yeniyeni ya bambowo mwina ili pamenepo. Pali ndalama yofunsira malo ku yunivesite, pali thiransipoti, chakudya ndi pogona akadzasankhidwa. Boma lili ndi bungwe lobwereketsa ndalama kwa ophunzira osowa a m'mayunivesite, la HESLGB, koma si onse opempha amene amalandira, ndipo ngongoleyo simaliza zonse. Patulani mizere ingapo ya mbatatesi chaka chilichonse kuti ikhale ya sukulu ya mwanayu, ndalama yake izisungidwa podziwa nonse awiri. Akakwana zaka 16 akalembetse chiphaso cha unzika, ndipo muonetsetse kuti dzina lake lalembedwa chimodzimodzi pachiphasopo ndi pamapepala a MANEB. Chilembo chimodzi chosiyana chimayendetsa anthu maulendo m'maofesi.

Mwanayo naye mukhale naye pansi. Loto la udokotala musalizimitse, koma adziwe kuti njira si imodzi. Kuli unamwino ndi uzamba, kuli za ulimi ku LUANAR ku Bunda, komwe mwana wokulira m'munda wa mbatatesi sangakhale mlendo, kuli MUST ku Thyolo, MUBAS ku Blantyre, Mzuni ku Mzuzu ndi UNIMA ku Zomba. Zonsezi zimafuna makirediti abwino omwewo, choncho ntchito ya lero ndi imodzi. Mumuuzenso momveka kuti kusalankhulana kwa inu ndi bambo ake si mlandu wake. Ana amamva zonse ngakhale tikunong'ona, ndipo mtsikana woganiza kuti sukulu yake ikupasula banja amatha kuisiya yekha kuti pakhomo pakhale mtendere.

Apongozi musalimbane nawo. Mawu amenewo ndi a nthawi yawo, ayankheni ndi ulemu n'kupitiriza zanu. Mwana wawo akasintha maganizo, iwonso adzatsatira.

Malume ake a mwanayu ali ndi mawu pa mbumba yawo, zimenezo n'zoona kwathu kuno, koma musawaitane panopa. Bambo amene wachita kale manyazi pa bawo, akadzaona mlamu wake akubwera kudzamuweruza pakhomo pake, adzaumitsa khosi, ndipo mwina adzanena kuti, "Poti mwana ndi wanu, muzimulipirira nokha." Yambani ndi kupepesa kuja, kenako ulendo wa kwa ahedi. Ngati zonsezi zachitika koma mwana akutengedwabe kumsika masiku a sukulu, pamenepo itanani ankhoswe ndinu, malume akewo akhalepo, ndipo mutenge lipoti la teremu yathayi kuti aliyense aone yekha momwe masamu atsikira.

Azakhali