Kodi pulinta yanga imasunga mapepala omwe ndapulinta?

FUNSO: Akonzi, ndili ndi pulinta yakunyumba ija imapulinta, kusikana ndi kufotokopa pamodzi, ndiye ndikufuna ndiigulitse ndigule ina. Koma mnzanga wandiopseza eti makinawa amasunga chilichonse mkati, pomwe ine ndakhala ndikufotokopapo ma ID, mapepala akubanki ngakhalenso akuchipatala a mayi anga. Ndi zoona zimenezi? Kapena ndingoiphwanya basi?
Wowerenga wodandaula

YANKHO: Ayi ndithu musaiphwanye, mtima m'malo. Mnzanuyo sananame kwenikweni koma wasakaniza makina awiri osiyana.

Pulinta zambiri zakunyumba zili ndi kamemori kochepa kotchedwa RAM, ndipo kamagwira pepala lanu kanthawi kokha komwe ikupulinta, mukangoizimitsa n'kuzula chingwe kumagetsi zonse zimafufutika ngati bolodi ya m'kalasi. Ndiye ID yanu ija kapena mapepala a mayi mwafotokopa miyezi yapitayo mulibemo, wogulayo sangawatulutse.

Nkhani imene mnzanuyo anamva ndi ya zimakina zazikulu za mu ofesi zija zoima pansi. Zimenezo zambiri zimakhala ndi hard disk mkati ngati kompyuta ndipo zimatha kusunga zithunzi za mapepala ambirimbiri. Mu 2010 atolankhani a CBS News ku America anagula mafotokopa 4 ogwiritsidwapo kale ntchito ku New Jersey, atatsegula ma disk anapezamo mafayilo a polisi ya ku Buffalo komanso zikalata za odwala za kampani ya inshuwalansi ya Affinity Health Plan, moti mu 2013 kampaniyo inalipira boma ndalama zoposa madola 1.2 miliyoni. Ine nkhani imeneyi imandikhudza kwambiri chifukwa odwala aja sankadziwa n'komwe kuti matenda awo ali m'makina ogulitsidwa. Choncho mapepala achinsinsi muziganiza kawiri musanakawafotokope pa makina akuntchito kapena a eni ake.

Komabe sikuti yanuyo ilibiretu kanthu ayi. Muli memori ina yosafufutika magetsi akazima, imene imasunga dzina ndi pasiwedi ya Wi-Fi yanu, ma imelo amene mumatumizirako zosikana, ndipo ngati ili ndi fakisi, manambala ndi mafakisi omwe anabwera koma sanapulintidwe amatha kukhalamo. Apa mpamene muyenera kusamala. Lowani pa menyu mupeze polembedwa Restore Factory Settings kapena Reset All (kubwezeretsa makina mmene analili pogula), dinani, kenako muonenso ngati Wi-Fi yanu yachokadi, osangokhulupirira, poti mu 2023 a Canon anachenjeza okha kuti pa mapulinta awo ambiri a inki reset yanthawi zonse sinkachotsa za Wi-Fi, anati munthu achite reset, ayatsenso Wi-Fi, kenako achite reset kachiwiri. Mukakayikabe ingosinthani pasiwedi pa rauta (kabokosi kamene kamapereka Wi-Fi), nkhani yatha.

Ngati munailumikiza ndi app yapafoni kapena akaunti ya kampani yake pa intaneti, ichotseninso kumeneko. Ndipo dziwani kuti zosikana zanu zambiri zili mu kompyuta kapena foni yanu osati mu pulinta, ndiye tsiku logulitsa laputopu mudzasamale koposa apa.

Mukufuna kutsimikiza kuti mtundu wanuwo ulibe disk? Onani nambala ya modelo kutsogolo kapena kumbuyo kwake, mufufuze buku lake pa intaneti, mukaona mawu oti hard disk, HDD kapena SSD ndiye kuti pakufunika kufufuta kwapadera kapena kuchotsamo disk-yo musanagulitse, koma pa timapulinta takunyumba sizichitikachitika.

Pomaliza zulani flash kapena memory card ngati munaiwalamo, tsegulani chivundikiro muone pagalasi ndi mu tileyi ya mapepala, chifukwa anthu ambiri amaiwala ID yeniyeniyo pagalasipo. Mukatero igulitseni.