Ntchito ya cell membrane ikuonekera m'paketi ya Thanzi

Achemwali, mwati mwana wanu wa Folomu 3 akungoloweza za cell membrane osamvetsa kuti kwenikweni imachita chiyani. Mumupatse foniyo awerenge yekha.

Selo iliyonse imakutidwa ndi kachikopa kopyapyala zedi kotchedwa cell membrane, moti mungafunike kusanjikiza tizikopa pafupifupi 10,000 kuti mufike pa kukhuthala kwa pepala limodzi la mu kope. Kachikopaka ndi ka mafuta otchedwa phospholipids, ondandalika mizere iwiri. Phospholipid iliyonse ili ndi mutu ndi michira. Mitu imagwirizana ndi madzi, choncho ina imayang'ana kunja kwa selo, ina mkati. Michira imadana ndi madzi, imabisala pakati. M'mafutamo mumayandama mapuloteni, ndipo zonsezi zimasunthasuntha, sizili nji ayi. Imeneyi ndiyo fluid mosaic model, ya Singer ndi Nicolson ya mu 1972, imene aphunzitsi a Biology salephera kufunsa.

Ntchito yaikulu ya kachikopaka ndi kusankha cholowa ndi chotuluka. Mpweya wa oxygen ndi carbon dioxide umangodutsa m'mafuta muja, kuchoka kumene wachuluka kupita kumene wachepa, ndipo imeneyo ndi diffusion. Mchere ndi shuga ayi, zimafunika puloteni yoti izitsegulire njira, ngati mlonda wa pageti amene amadziwa anthu ake. Mapuloteni ena amachita kukankha mokakamiza pogwiritsa ntchito ATP, yomwe imanyamula mphamvu m'selo, monga pampu imene imatulutsa sodium atatu n'kulowetsa potassium awiri; kukankha kotereku ndi active transport. Pampuyi anaitulukira Jens Skou mu 1957, ndipo popanda iyo mitsempha sikanatumiza uthenga m'thupi. Madzi amalondola kumene kwachuluka mchere kapena shuga. Mwanayo adule tomato, awaze mchere, adikire pang'ono. Madzi amene adzaze m'mbalemo atuluka m'maselo, ndipo imeneyo ndi osmosis.

Koma ine ndimati kwa ife a ku Zomba chitsanzo chabwino ndi kolera, chifukwa asodzi a m'zimbowera pa nyanja ya Chilwa ndi a ku Kachulu akuidziwa bwino. Poizoni wa kachirombo ka kolera saboola matumbo. Amangochititsa kuti njira za chloride (mnzake wa sodium mu mchere) pa cell membrane ya maselo a m'matumbo zikhale zotsekuka. Chloride amatuluka, sodium amamutsatira, madzi nawo n'kulondola, malita ndi malita, mpaka munthu maso kulowa mkati tsiku lomwelo.

Nanga shuga mu Thanzi ORS ndi wachiyani? Ambiri amayesa n'ngokometsera. Pa maselo omwewo pali puloteni ina imene poizoni uja saiwononga, ndipo imalowetsa sodium pokhapokha atabwera limodzi ndi glucose, shuga wa m'paketi uja. Awiriwa akalowa, madzi amawatsatira kubwerera m'thupi, ngakhale munthu akutsegulabe m'mimba. N'chifukwa chake muyeso ndi wofunika: paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi aukhondo, osawonjezera shuga poti mwana akukana kumwa. Shuga akachuluka, monga m'zakumwa za m'mabotolo zija, amakokera madzi m'matumbo, kutsegula kuja n'kukula. Wodwalayo azimwa ali pa njira ya kuchipatala, osadikira kunyumba.

Pa mayeso, mwanayo asamangolemba kuti cell membrane imateteza selo. Atchule kuti imalola zina kudutsa n'kukaniza zina, asiyanitse diffusion, osmosis ndi active transport, ndipo anene kuti pa zitatuzi yofuna ATP ndi yomalizayo.