Yankho la azakhali kwa mwana wa ku Matundo

Eee, mwaswera bwanji nonse pagulupa? Achimwene, alamu, moni wanu. Ndikuyankha mwana wathu wa ku Matundo, mumzinda wa Tete, uja, poti wafunsira pagulu, nanenso ndiyankhira pomwepa.

Mwanawe, uthenga wako ndaumva. Ukuti a kwaya ya achinyamata akupatsa ntchito yopeka nyimbo ziwiri za Khirisimasi, koma ino ndi sabata yachitatu palibe yatha. Ukangokhala pansi ndi kope, foni yalira, ana akuitana, wailesi ya aneba ili pamwamba, mawu amene anabwera m'mutu aja n'kuthawa. Ndiye ukufunsa kuti ine ndimatha bwanji kugwira ntchito pakhonde pomwe anthu amangodutsa.

Mvetsetsa, pakhonde paja sindidulirapo nsalu ayi. Zomwe umaona ukabwera kuno ku Ulongué, ine ndikuponda makina uku ndikucheza ndi anthu, kumeneko n'kusoka chabe, manja anazolowera. Kupinda siketi, kuika zipi, mabatani, ndingathe uku tikukamba za mtengo wa feteleza. Koma kuganiza sitayilo ndi kudula ndimachitira m'nyumba, ndekha, chitseko chotseka.

Ndinaphunzira zimenezi ndi misozi. Chaka china ndinalandira nsalu yoyera ya diresi la mkwatibwi, mamita 6. Ndayeza, ndajambula ndi choko, sizasi ili m'manja, kwafika mnzanga ndi nkhani ya ng'ombe zomwe zinalowa m'dimba mwake. Ndikumuyankha, maso ali kwa iye, ndinadula manja awiri onse a kumanzere. Yotsalayo sinakwanire. Ndinachita kuwoloka malire pa Calómuè kupita ku Dedza kukasaka yofanana nayo ndi ndalama zanga, ndipo usiku wa Lachisanu ndinachezera kusoka, ukwati uli mawa lake. Mtima unandiwawa kwambiri chifukwa mtsikana uja anandikhulupirira. Sizasi ikadutsa pansalu, yadutsa basi.

Tsono nawe ugawe ntchito yakoyo pawiri. Kupeka chuni ndi kusaka mawu, kumeneko ndiye kudula kwako. Kukopera mawu bwinobwino m'kope, kubwereza zomwe wapeka kale, uzichita ngakhale ana akusewera pamiyendo pako. Chomwe chikukutopetsa n'chakuti ukufuna kudula uli pakati pa anthu.

Za nthawi, kuno ku Angónia sindingakuuze kuti ndimadzuka usiku, mu June ndi July zala zimauma ndi kuzizira, ndimadikira ana apite kusukulu. Koma inu uko, November uno kutentha kumapitirira madigiri 40, masana mutu sugwira chilichonse. Uzidzuka 4 koloko kukadali kozizirirako, ma chapa (maminibasi aja) ndi ma txopela (njinga zamoto za matayala atatu) asanayambe kulirima kulowera ku mlatho wa Samora Machel. Ola limodzi lokha, koma tsiku lililonse, pamalo omwewo.

Foniyo isakhale m'thumba, isakhalenso patebulo ngakhale utaivindikira. Umati ndione uthenga umodzi, kenaka Facebook, kenaka kavidiyo, akulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ndikudziwa umaopa kuti uthenga wa kumudzi ungakupite. Isiye m'chipinda mwa mkulu wako, umuuze kuti akugogodere pokhapokha kuli matenda kapena maliro. Ngati ukufuna kujambula chuni kuti usaiwale, zimitsa kaye data usanaigwire.

Chovuta kwenikweni ndi anthu, ndipo apa ndipomwe ndikufuna undimvere. Kwathu kuno munthu wodzitsekera m'nyumba timamuti ndi wonyada, ndipo n'zoona, kusiya mlendo akuodira pakhomo osamuyankha si ulemu. Ine sindinabisale. Ndinayenda khomo ndi khomo kwa anansi anga, ndinawafotokozera za diresi lija, ndinati Lachiwiri ndi Lachinayi m'mawa ndimadula nsalu, chonde muzibwera dzuwa likapendeka, tidzadyere limodzi mbatatesi. Ena anang'ung'udza mwezi woyamba. Lero iwo omwewo ndi amene amabweza anthu panjira kuti a telala akudula, mubwere masana. Munthu ukamuuza nthawi yomwe akupeze, sakhumudwa ndi nthawi yomwe sangakupeze. Iweyo uwakhazike pansi a m'nyumbamo madzulo ano, uwauze kuti nyimbozi ndi za ku tchalitchi ndipo ukufunika ola limodzi m'mawa. Ana uwalonjeze kuti ikatha adzakhala oyamba kuimva.

Achimwene, inunso ndikupempheni, ndikudziwa mumakonda kuimbira ana foni m'mamawa musanapite kumunda. Mwanayu muzimuimbira 6 koloko ikadutsa.

Palinso zosokoneza zochokera m'mutu mwako momwemo. Uli pakati pa ndime, wakumbukira kuti mayunitsi a magetsi a Credelec atsala pang'ono, kapena kuti sunatumize ndalama ya M-Pesa ija. Usadzuke. Ine ndimalemba ndi choko m'mphepete mwa tebulo, "ulusi wakuda", "magetsi", n'kupitiriza kudula. Iwe uzilemba kumapeto kwa kopelo, ukazichita ola lako likatha.

Aa, kwabwera mayi wotenga yunifolomu ya mwana wake, ndisiyire pomwepa. Loweruka unditumizire ndime yoyamba, uimbe ndi mawu ako, ngakhale isanakhale bwino. Ndikufuna ndiimve ndili pamakina.